Musaiwale mawu akuti redemption

Inu amene munalemba za madomeni, omwe ndi mayina a mawebusaiti pa intaneti, zikomo pofotokoza bwino kusiyana kwa registrar, amene amakulembetserani dzina, ndi registry, amene amasunga kaundula wa mayina onse, monga kampani ya Verisign pa mayina othera ndi .com. Koma mawu amene anandiliza ine ndi redemption, nthawi yomaliza imene umapatsidwa kuti uwombole dzina limene sunalipirenso. Domeni sugula kwamuyaya ayi, umachita kulipira chaka ndi chaka. Ine ndinaiwala, imelo yokumbutsa inagwera mu spam, ndipo m'mawa wina ndinangopeza webusaiti yanga sikutseguka n'komwe. Mtima unangoti phwii! Mwamwayi dzinalo linali likadali m'masiku 30 a redemption, koma kuliwombola kunandidyera ndalama zambiri zedi.

Amene mukugula dzina kwa munthu, chonde dzerani pa escrow, mkhalapakati amene amayamba wasunga ndalamazo, kuti wogulitsayo alandire ndalama pokhapokha dzinalo litasamukira m'manja mwanu.