Bara idayamba ngati chipatala cha asilikali

Zikomo alembi pofotokoza kuti ku South Africa kuno madokotala ndi anamwino a asilikali ali ndi nthambi yawoyawo, South African Military Health Service, pambali pa ankhondo apamtunda, apamadzi ndi amumlengalenga. Koma mwaiwala Bara! Chipatala cha Baragwanath, chomwe enafe timachidutsa m'mawa uliwonse pokakwera taxi ku Soweto, chidatsegulidwa mu 1942 kuti chizisamalira asilikali a Britain ndi anzawo pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Ambiri ogonekedwa pamenepo ankadwala chifuwa chachikulu. Mu 1948 ndi pomwe chidasanduka cha anthu wamba.

Nkhaniyi yandikhudza chifukwa cha agogo anga aamuna, omwe adamenya nawo nkhondo ku Burma m'gulu la King's African Rifles, asilikali a ku Africa omenyera Britain. Adabwerako ndi mamendulo awiri, omwe ankawasunga m'kachitini ka fodya, komanso chifuwa chosatha. Usiku ankadzidzimuka n'kumakuwa, agogo aakazi n'kumawagwira paphewa mpaka atagonanso. Palibe adawafunsapo za bala lam'mutulo.

Nanga lero? Mu Januwale 2025, kufupi ndi Goma ku Congo, kudafa asilikali 14 a South Africa ndi atatu athu a ku Malawi. Ovulala ena adakhala masabata angapo asanatulutsidwe m'dera la nkhondolo, chikhalirecho munthu wotaya magazi amafunika dokotala wa opaleshoni nthawi yomweyo. Chonde alembi, mudzatilembereko za anyamata adabwerako amoyowo, makamaka amene akudzidzimuka usiku. Akuwaona ndani?