Mwalipira pageti, simunagule mtengo

Loweruka lapitali tinapita kufamu ina ku Ceres, ku South Africa, kukathyola matcheri, tizipatso tating'ono tofiira, ndipo mpaka lero mtima wanga sunatsike. Ulendo wa maola awiri kuchokera ku Cape Town, kukwera mapiri a Michell's Pass, ana akuimba m'galimoto. Tinalipira pageti, anatipatsa zidebe, anatilozera mizere yoti tithyolemo. Zonse zinali bwinobwino.

Ndiye mumzere wathu munali bambo wina, munthu wamkulu, imvi mbuu. Ataona matcheri ofiira psuu kunsonga, makwerero ali pomwepo, iye anagwira nthambi ndi manja awiri n'kuikoka mpaka inakhadzuka. Nthambi yathunthu pansi, masamba ndi zipatso zosapsa zomwe. Anasankhapo zofiira zingapo, zotsalazo n'kuzikankhira patsinde ndi phazi. Ndinalephera kupirira. Ndinati, "Bambo, zoona mwakhadzula nthambi?" Anandiyang'ana n'kuyankha kuti, "Ndalipira."

Mwalipira chiyani? Ndalama ya pageti ndi yoti mulowe. Ya pasikelo ndi ya zipatso zimene zili m'chidebe mwanu. Mtengowo simunaugule. Nthambiyo si yanu. Munda wa eni ake sukhala wanu chifukwa cha risiti!

Mtengo wa matcheri umatenga zaka zinayi, zisanu usanayambe kubereka zooneka. Umafuna chisanu chenicheni, n'chifukwa chake umachita bwino ku Ceres, kumene phiri la Matroosberg limayera ndi chipale chofewa nthawi yozizira. Zipatso zimamera pa timfundo tating'ono ta panthambi, ndipo timfundo tomweto timaberekanso chaka chamawa ndi chinacho. Ukakhadzula nthambi, wadya za chaka chino, wapha za zaka zikubwerazo. Ndipo tcheri ukaithyola yosapsa, yatha basi, siidzapsera m'nyumba ngati nthochi. Zimene bambo uja anakankhira patsinde zinangotsala zowola.

Mwina ena sanauzidwepo, mwina n'kusowa khalidwe chabe, kaya. Koma munthu wa imvi safunika chikwangwani kuti adziwe kuti chamwini n'chamwini.

Nyengo yake yomwe ndi yaifupi, kuyambira chakumapeto kwa Novembala, masabata owerengeka yatha. Mlimi wadikira chaka chonse, kuopa matalala, kuopa mvula yomwe imang'amba matcheri akayandikira kupsa. Alimi omwewa a m'chigawo chimenechi cha Western Cape anavutika ndi chilala cha 2015 mpaka 2018, madzi othirira atachepa zedi. Wapulumutsa mitengo yake ku zonsezo, watsegula geti kuti ana athu aone kuti chipatso chimachokera mumtengo osati pashelefu, kenako wina abwere kudzaukhadzula chifukwa "walipira"? Ayi, abale anga, zimenezo ndiye ayi. Ukalowa m'munda wa mnzako ndiwe mlendo. Wapereka ndalama, inde, koma ukadali mlendo.

Nsomba ikawola imodzi, zonse zawola. Tsiku limene mlimi adzatope n'kutseka geti, sadzafunsa kuti wokhadzula anali ndani. Tonse tidzabwerera panjira, ana ali ndi zidebe zopanda kanthu.

Komanso inu makolo. Ndinaona ana akugendana ndi matcheri, kuluma kamodzi n'kutaya, amayi awo ali kalikiliki kujambula pafoni. Mabotolo apulasitiki ali mbwee m'mizere. Wotola zonsezo anali mayi wina wogwira ntchito pafamupo, thumba kumanja, dzuwa likuswa mtengo, kuwerama mzere ndi mzere. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ku South Africa mu 2024 anali marandi 27.58 pa ola, ndipo ambiri ogwira ntchito m'mafamu amalandira chapomwepo. Mayi ameneyo atafika pa nthambi ija anaima, anaitembenuza ndi dzanja, n'kupukusa mutu. Bambo uja n'kuti ali pamzere wa pasikelo, akukangana kuti amutsitsireko mtengo wa matcheriwo.