Gemu yandichititsa manyazi Lamlungu lapitali

Ndilembe izi ndisanaiwale chifukwa kuyambira Lamlungu zikungondizungulira mmutu.

Ine ndi mmodzi wa anthu aja amene tikaona mwana akusewera gemu timangoti iwe siya zimenezo ukawerenge. Kuno ku Joni ndimakhala ndi mwana wa achemwali anga, wa zaka 16, chipinda chimodzi ku Mayfair, ndipo chimene timakanganirana tsiku ndi tsiku ndi kalaputopu kake kogula kwa munthu kamene batire lake silitha ola magetsi akazima. Ndiye Lamlungu masana tangodya nsima akuti "ankolo tayesani iyi yokha, mukaikana sindidzakuvutitsaninso". Ndinakhala pansi ndi mtima wofuna kumutsutsa basi.

Gemuyo dzina lake Papers, Please, anapanga munthu mmodzi yekha, Lucas Pope, mu 2013. Si yothamanga ndi mfuti kapena kuba magalimoto ngati zinazi. Iweyo ndi wogwira ntchito pa boda, wakhala pa kawindo, kunja kuli mzere wautali, aliyense akubwera ndi pasipoti yake, uone ngati chithunzi ndi chake, ngati masiku sanathe, ndiye udinde cholowa kapena chobweza. Malipiro ako amatengera kuchuluka kwa anthu amene wathana nawo, ndipo madzulo pamabwera lendi, chakudya, moto wa mnyumba, mankhwala a mwana akadwala. Ukalowetsa munthu wa mapepala olakwika amakuchenjeza kawiri, kachitatu akudula ndalama.

Ndiye panafika bambo wina mapepala ake ali bwinobwino, ndinamudindira, pochoka anati mkazi wanga ali pambuyo pangapa, chonde mumuchitire chifundo. Mayiyo kubwera, chikalata chimodzi alibe. Abale inu, ine amene ndakwerapo basi masiku awiri kuchokera ku Blantyre, Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, amene ndimadziwa mmene mtima umagundira pasipoti yako ikakhala mmanja mwa munthu wina iye akuitembenuza pang'onopang'ono osakuyang'ana nkomwe, ineyo ndinawabweza mayi aja. Machenjezo anga awiri anali atatha kale ndipo mwana wa mugemumo amadwala, ndalama ya mankhwala imaperewera. Mnyamatayu kungoti "ankolo mwawabweza?" Ine kakasi. Usiku wonse ndimaganiza za kamunthu kojambula kamene kulibeko.

Nkhani za pa boda ndawerengapo zambiri, mavidiyo ndaonapo, koma palibe inandiikapo kuseri kwa windo lija nkundisiya ndisankhe ndekha. Nyuzi imakuuza zimene anachita wina. Gemu imakuchititsa iweyo, ndiye ukalakwa sungaloze chala munthu. Apa mpamene ndasinthira maganizo.

Kenako mnyamatayu anayamba kundiphunzitsa, eti pali gulu lonse la anthu amene ntchito yawo ndi imeneyi. Bungwe la Games for Change linayamba ku New York mu 2004 ndipo chaka chilichonse amakumana kuonetsana zimene apanga. Mu 2006 kunatuluka Darfur is Dying, mmene umakhala wothawa nkhondo ku Sudan ukuthamangira kukatunga madzi uku ukubisala kuopa zigawenga. Ku Poland anapanga This War of Mine mu 2014, nkhondo koma iwe si msilikali, ndiwe munthu wamba wofuna chakudya ndi nkhuni mu mzinda wozingidwa, ndipo boma lakumeneko linaiika pa mndandanda wa zophunzira ana asukulu. Pali ina Foldit ya ku University of Washington, anthu wamba akusewera anathandiza asayansi mu 2011 kupeza kaumbidwe ka puloteni ya kachilombo kofanana ndi ka Edzi kamene kamagwira anyani, chinthu chimene chinawazunguza akatswiri zaka zoposa khumi.

Koma amene wandigwira mtima kwambiri ndi Lual Mayen wa ku South Sudan. Anakulira mkampu ya othawa kwawo kumpoto kwa Uganda, mayi ake anasunga ndalama zaka zitatu mpaka kukwana madola 300 nkumugulira laputopu, iye amayenda maola atatu kukangoitchaja, anadziphunzitsa yekha ndipo anapanga gemu yotchedwa Salaam ya munthu wothawa nkhondo. Ndikamva zimenezi ndimaganiza za Dzaleka ku Dowa kuja, komanso kalaputopu kathu kano kamene ndimakanyoza, ife magetsi akabwera soketi ili pa khoma pomwepa.

Ndisanamizire kuti zonse ndi zabwino ayi. Mnyamatayu anandionetsanso timagemu tina timene mabungwe amapangitsa, mmm, timene ndi mafunso a mayeso ongovekedwa tizithunzi, yankha molondola upeze nyenyezi. Zili ngati mawekishopu aja akumudzi amene anthu amangodikira fanta ndi alawansi. Mwana amazindikira msanga kuti apa akundilalikira, amatseka. Gemu ikhale yokoma kaye, phunziro lizibwera lokha, ngati mmene bawo imakuphunzitsira kuwerengera patsogolo popanda wokuuza kuti lero tiphunzira masamu.

Ndipo tisamanamizane, akuluakulu ife timasewera gemu kuposa anawa. Kandege kaja si gemu? Anthu akuotcha ndalama ya lendi, ndalama yoti atumize kumudzi, akuyang'ana kandege kakukwera pa foni, kenako nkumakalipira mwana kuti akutaya nthawi kkkk. Amene anapanga kandegeko nayenso anakhala pansi nkupanga gemu yosintha miyoyo ya anthu, kungoti anaisinthira kolakwika.

Chimene sindimadziwa nchoti anthu opanga magemu ali pompano. Ku yunivesite ya Wits amaphunzitsa kupanga magemu mpaka digiri. Ku Braamfontein kuli Tshimologong kumene achinyamata a zamakompyuta amasonkhana, ndadutsapo pa takisi kambirimbiri osadziwa kuti mkatimo mumachitika zotani. Kampani ya Nyamakop ya mu Joni muno inatulutsa Semblance mu 2018 mpaka pa Nintendo Switch, kamakina kosewerera magemu, ndipo mu 2025 analengeza Relooted, gemu imene umakalanda zinthu zamakedzana za mu Africa zimene zili mma myuziyamu a azungu nkuzibwezera kwawo. Ku Cape Town a Free Lives anapanga Terra Nil, mmene mmalo momanga mzinda umabwezeretsa nkhalango ndi mitsinje pa dothi loguga, ine ndikuiona ndimangoganiza mapiri athu a Ndirande ndi Soche mmene anayerera ndi makala. Ndiye kumapeto kwa Januwale chaka chilichonse kumakhala Global Game Jam, anthu amakumana mmagulu dziko lonse lapansi, maola 48, kupanga kagemu kuchokera pa ziro. Kumeneko safuna odziwa kulemba mapulogalamu okhaokha, amafunanso wojambula, woimba, wolemba nkhani, ngakhale wa mawu abwino. Zida zina zopangira magemu ngati Godot ndi Twine ndi zaulere.

Funso langa ndi ili, nanga ya ife ili kuti? Anthu a mtundu wa Iñupiat ku Alaska, ochepa kwambiri poyerekeza ndi ife olankhula Chichewa, anakhala pansi ndi agogo awo nkupanga Never Alone mu 2014, nthano yawo, yofotokozedwa mchilankhulo chawo, mpaka inapata mphoto ya BAFTA ya ku Britain. Ife nkhani tili nazo zodzadza nkhokwe. Kuyambira nthawi ya Theba agogo athu akubwera kumigodi mpaka lero, ulendo wa ku Joni wokhawu ndi gemu yathunthu. Wagulitsa mbuzi ndi njinga kupeza ya basi. Pa boda wapatsidwa masiku 30. Wapeza ganyu ya mgadeni, malipiro afika, ndiye sankha, lendi, fizi ya mwana kumudzi, feteleza mvula isanagwe, kapena chopereka cha maliro a mnzako woti thupi lipite kwawo. Foni ikulira, amayi akudwala. Ukapita ntchito itha, ukapanda kupita mudzi wonse ukuti watchona. Ndikufuna mwana wa ku Mangochi kapena ku Mzimba amene akulota za Joni asewere zimenezi asanagulitse munda, komanso mwana wa kuno amene amangotiona ngati obwera kudzalanda ntchito akhale ife kwa mphindi 20 zokha. Tikapanda kuipanga ife adzaipanga ena, mu Chingerezi, ife tili tizithunzi tomvetsa chisoni kumbuyo.

Ikhale yopepuka, yolowa pa itel ndi Tecno, yosadya data, mawu ake a Chichewa chenicheni cha mmabasi.

Mnyamatayu wayamba kale, watenga kope lake la masamu kumbuyo walemba magawo asanu ndi limodzi, loyamba ndi pa depoti ya Wenela ku Blantyre. Ine wandipatsa ntchito yolemba zolankhula za kondakitala ndi za mayi wogulitsa mandasi pa Zalewa. Januwale ndikumuperekeza ndekha ku Global Game Jam. Tikusowa wodziwa kujambula, ngati mulipo mu Joni muno tandipezani ku inbox, malipiro palibe koma nsima ya usipa ilipo.