Makolo a mu Lusaka, mapointi sagulidwa pa WhatsApp!

Sabata yatha ndamva nkhani ya ku Chawama imene yandiwawa mpaka lero. Mayi wina wogulitsa tomato ndi kapenta pamsika watumiza pafoni mpamba wake wonse kwa munthu amene sanamuonepo nkhope. Munthuyo akuti analonjeza kulowa mu kompyuta ya mayeso ndi kutsitsa mapointi a mwana wake wa Giredi 12, poti mapointi ochepa ndiwo abwino. Ndalama zapita, nambala yazimitsidwa, mapointi ali pomwepo. Tsopano ana adya chiyani?

Abale anga, tafika pati? Chaka chonse mwana amakhala pa TikTok mpaka tambala kulira, inu muli chete. Mabuku agwira fumbi pansi pa bedi, muli chete. Amachoka m'nyumba ati akupita ku tuition, madzulo anthu amuona pa bala ku Kabwata, muli chete. Mayeso akayandikira ndi pamene mukuthamangathamanga kufunafuna leakage, mpaka kukongola kaloba! Ndani anakuuzani kuti mwana amapasa ndi mobile money?

Kodi mwaiwala 2018? Pepala la masamu la Giredi 9 linatuluka nthawi isanakwane, boma n'kuimitsa mayeso m'dziko lonse, ana osalakwa amene anawerenga ndi kandulo n'kuvutikira limodzi ndi akuba. Mwana akagwidwa ndi pepala lakuba, a ECZ, bungwe loyendetsa mayeso, amafafaniza zotsatira zake, ndipo apolisi amabwera. Mudzamuuza chiyani, inu amene munamupatsa ndalamazo ndi dzanja lanu? Ndipo ambiri mwa mapepala amenewa ndi abodza. Mwana amaloweza mayankho usiku wonse, m'mawa n'kupeza mafunso ena. Mwamupha kawiri.

China chimene chimandikwiyitsa ndi kuwerengera mapointi ndi mtima m'malo mwa mutu. Tonse tikudziwa kuti 1 ndi 2 ndiwo apamwamba, 5 ndi 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi kungodutsa chabe, ndipo amaphatikiza maphunziro 6 amene mwana wachita bwino. Mapointi akachepa ndiye bwino. Nanga bwanji mwana ali ndi 7 mu Chingerezi, 8 mu masamu, inu mwayamba kale kumutcha dokotala pa tchalitchi? Ku UNZA safuna kumva za maloto anu. Popanda ma credit 5, Chingerezi chili momwemo, fomu yanu ndi pepala chabe. Ngakhale ma credit alipo, malo ndi ochepa, ndipo mwana wanu akupikisana ndi anzake a ku Chipata, Mongu, Kasama amene akaphatikiza onse ali ndi mapointi 6, 7, 8. Amene walowa ku sayansi pa UNZA ya pa Great East Road ayenera kumenyanso nkhondo ina kuti akafike ku Ridgeway, kumene amaphunzitsa udokotala. Ngongole ya boma ya maphunziro, ya HELSB, nayonso siigwera aliyense. Munafunsapo zimenezi? Kapena mukudalira uja amene amati ali ndi munthu wake mu ofesi?

Fomu imodzi, kosi imodzi, basi mwakhala pansi kudikira. CBU ku Kitwe simuiona, Mulungushi ku Kabwe simuiona, Evelyn Hone pano pa tauni mukuinyoza ngati kuti amene amaphunzira kumeneko si anthu. Chaka chikatha mwana akadali pakhomo, mumvekere a neba amulodza. Ena akakhumudwa amathamangira ku tikoleji ta pamwamba pa sitolo osafunsa ngati a HEA kapena a TEVETA, mabungwe a boma ovomereza makoleji, akutidziwa. Zaka zitatu za fizi, satifiketi yopanda ntchito!

Njira yokonzera zotsatira ilipo, yoyera, yodziwika: GCE, mayeso obwereza a Giredi 12. Mwana alembetse phunziro limene linamugwetsa, atenge mapepala a zaka zam'mbuyo, akhale nawo tsiku ndi tsiku ndi wotchi patsogolo, mphunzitsi weniweni amuchongere. Koma nayonso mwaisandutsa chidole. Mwana mmodzi kulembetsa maphunziro ambirimbiri nthawi imodzi, osatsegula buku ngakhale limodzi, chaka ndi chaka kulipira, chaka ndi chaka kulephera ndi 9. Ndalama zimenezo mumazitola pansi?

Inunso achinyamata, musabisale kumbuyo kwa amayi anu. Muli ndi ndevu, mukudziwa chimene mukuchita. Zimitsani foniyo, katengeni buku. Manyazi mulibe?