Si agogo amene amakukhalani pachifuwa usiku

Anthuni, ndakwiya. Pa WhatsApp pakuzungulira mawu a mnyamata wina amene akufotokoza kuti anadzidzimuka usiku thupi lonse lili gwa, osatha kutukula ngakhale chala, pachifuwa pali chinthu cholemera, ndipo pakhomo la chipinda pali chithunzithunzi cha munthu wamfupi wowerama. Mpaka pamenepo sakunama, zimenezi zimachitikadi. Chandipsetsa mtima ndi kumapeto kwake. Akuti anali agogo ake, ndipo achibale agwirizana kale kuti gogoyo achoke pakhomopo. Anthu nawo akuthira ndemanga kuti asamunyengerere. Mayi amene anabereka mwanayo kumbuyo, kumutafunira chakudya ali khanda, lero apirikitsidwe chifukwa mdzukulu anagona chagada?

Thupi lanu lomwe ndi limene limakugwirani, abale anga. Si agogo.

Tulo timayenda mozungulira. Kuzungulira kumodzi kumatenga mphindi pafupifupi 90, ndipo usiku umodzi timazungulira kanayi kapena kasanu. M'kuzungulira kulikonse muli gawo la maloto limene madokotala amalitcha REM, pamene maso amayendayenda pansi pa zikope munthu ali mtulo. Gawoli analitulukira Eugene Aserinsky ndi Nathaniel Kleitman ku Chicago mu 1953. Mukalowa m'gawo limeneli, kumunsi kwa ubongo, pamene ubongo umalumikizana ndi msana, kumazimitsa minofu ya manja, miyendo ndi khosi. Kumachita dala, kuti mukamalota mukuthawa galu musadzuke n'kukadzigunditsa kukhoma. Izi zimachitika usiku uliwonse kwa aliyense, kwa abusa, kwa sing'anga, kwa gogo yemwe mukumunenayo. Kungoti nthawi zambiri minofu imamasuka kaye musanazindikire kuti mwadzuka. Tsiku limene maganizo adzuka msanga minofu ikadali yozima, ndi tsiku limene mumaona zoopsa.

Nanga cholemera pachifuwacho? Pa nthawi ya malotoyo chimene chimakupumitsani kwambiri ndi mnofu wa pansi pa mapapo. Minofu ya m'nthiti imakhala itapumula. Mpweya umalowa wokwanira ndithu, koma mukachita mantha n'kufuna kukoka mpweya wambiri mwakamodzi, chifuwa sichikumverani. Ubongo umangoti pali wina wandikhalira. Mukufuna kukuwa, mawu akukana kutuluka, kukungomveka kubuula. Ndipo popeza maloto sanazime, amathiridwa pamwamba pa chipinda chenicheni chimene mukuchiona. Jekete lopachika pamsomali limasanduka munthu. Neti yaudzudzu ikagwedezeka, ndiye kuti akubwera. Mtsuko uli pakona umakhala munthu wonjuta. Nkhope yake mantha amakatenga m'nkhani zimene munazimva kuyambira muli mwana. Ku Japan zimenezi amazitcha kanashibari. Ku Newfoundland amati ndi Old Hag, nkhalamba yokhala pachifuwa. Ku Egypt ambiri amati ndi ziwanda zotchedwa jinn. Kumeneko kulibe agogo anu, koma anthu amagwidwa chimodzimodzi, chifukwa ubongo wa munthu ndi umodzi.

Funsani mnyamatayo anagona maola angati sabata imeneyo. Funsani anagona chotani. Zimenezi zimakonda munthu wogona chagada, wosagona mokwanira, wogona nthawi zosinthasintha, wodzaza nkhawa, kapena womwa mowa madzulo. N'chifukwa chake zimavutitsa ana a Fomu 4 amene amachezera kuwerenga mayeso a MSCE akayandikira, alonda, anamwino a usiku, madalaivala a maulendo aatali, ndi amayi a makanda. Palibe amene anamufunsa zimenezi. Anangomufunsa kuti waona ndani. Safunsa anadya phula.

Zikakugwirani musalimbane nazo, chifukwa kulimbana kumangowonjezera mantha ndi kubanika. Zimatha zokha, nthawi zambiri m'masekondi ochepa, zikachuluka mphindi ziwiri kapena zitatu, ngakhale kwa wogwidwayo zimaoneka ngati ola lathunthu. Maso amakhala akugwirabe ntchito, ndiye ayendetseni uku ndi uku. Yesani kugwedeza kanthu kamodzi kakang'ono, chala chakuphazi, nsonga ya lilime, osati thupi lonse. Tulutsani mpweya pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka sikisi, kulowa uzilowa wokha. Ngati ndinu wopemphera, pempherani chamumtima, palibe akukuletsani, ndipo mtima umakhazikikadi. Mukamasuka musatembenuke n'kugonanso pomwepo, chifukwa mungabwerere m'gawo lomwelo n'kugwidwanso kachiwiri. Dzukani, yatsani tochi, unikani pakhomo muone jekete lija ndi maso anu, imwani madzi, khalani tsonga mphindi khumi. Amene mumagona naye muuzeni kuti akakumvani mukubuula akugwedezeni paphewa kapena akuitaneni dzina. Nthawi zambiri kukhudzidwa kokhako kumathetsa zonse nthawi yomweyo.

Kuti zisabwerebwere, gonani chammbali. Ngati mumatembenukira chagada mtulo, tsamiritsani pilo kumsana, kapena mangani chitenje m'chiuno mfundo yake ili kumbuyo kuti izikukanikizani mukatembenuka. Munthu wamkulu amafunika maola 7 mpaka 9, ndipo nthawi yodzuka izikhala imodzimodzi ngakhale Loweruka. Khofi, tiyi wamphamvu ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija lekezani 2 koloko masana, chifukwa pakatha maola pafupifupi asanu theka la mphamvu yake limakhala likadali m'magazi. Mowa umanyenga. Umakugonetsani msanga, n'kupondereza maloto kumayambiriro kwa usiku, kenako mbandakucha malotowo amabwera mwaukali ndipo tulo timadukaduka. Wamwa kachasu madzulo, wagona chagada, waona mfiti 4 koloko m'mawa, ndiye wolakwa akhale gogo?

Zinanso zimene anthu amathamangira nazo kwa asing'anga ndi za pakhomo la tulo, pamene mukungoyamba kusinza. Mumamva ngati mwaphonya sitepe kapena mukugwera m'dzenje, mwendo n'kuponya, mtima n'kugunda. Akatswiri ena amaganiza kuti ndi minofu imene ikumasuka, ubongo n'kuyesa kuti mukugwa. Zimachuluka mukatopa kwambiri kapena mukamwa khofi mochedwa. Palibe amene wakukokani mwendo. Ena amaona mitundumitundu, nkhope zosadziwika, kapena mizere ya chimanga ngati atandala akupalira tsiku lonse. Ena amamva dzina lawo likuitanidwa bwinobwino, ndipo tonse tinakula tikuuzidwa kuti usiku usamayankhe. Ena amamva phokoso lalikulu m'mutu ngati chitseko chamenyetsedwa, koma m'nyumba muli zii, ndipo sizipweteka. Zonsezi ndi maloto amene ayamba msanga munthu asanagonetse. Dzanja likachita dzanzi ndiye kuti mwaligonera n'kupanikiza mtsempha, litulutseni mudzamva kunyerenyetsa kenako libwerera.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna mumvetse, chifukwa ndi pamene gogo uja waphedwera ufulu. Maloto sakhalitsa m'mutu. Pakangotha mphindi zochepa chidzukireni, zambiri zimakhala zitafufutika, ndipo zotsalazo munthu amazisoka yekha akamafotokozera ena. Usiku anaona chithunzithunzi chabe. M'mawa pofotokozera mayi ake chasanduka munthu wamfupi. Azakhali afunsa kuti sanali wowerama? Eya, anali wowerama. Pofika masana chavala mpango wa agogo. Mnyamatayo sakunama dala, iye akukhulupiriradi. Koma chimene akukumbukira tsopano ndi nkhani imene yaumbidwa pabwalo, osati chimene anaona.

Mankhwala ake ndi kope la masamba 40 ndi bolopeni. Muziike kumutu kwa mphasa kapena pansi pa pilo, pamene dzanja lingafike musanadzuke. Pogona dziuzeni katatu kuti ndikadzuka ndikumbukira zimene ndalota. Zimaoneka zachibwana koma zimathandiza, monga mmene munthu amadzukira yekha tsiku la ulendo. Mukadzidzimuka musasunthe, musatsegule maso, ndipo foni musaikhudze. Uthenga umodzi wokha wa pa WhatsApp ndi wokwanira kukolopa loto lonse. Gwirani chithunzi chomaliza chimene chatsala, kenako bwererani nacho chambuyo. Ndinali pamtsinje, ndinafikapo bwanji, ndinali ndi ndani? Ngati palibe chikubwera, bwererani mmene munagonera, mbali yomweyo, mudikire mphindi imodzi. Zikabwera lembani kaye mawu atatu kapena anayi, monga mtsinje, malume, njinga yothyoka, mantha. Kenako mutambasule. Lembani ngati zikuchitika panopa, ndipo musakonze kuti zimveke zanzeru. Ngati munthu analibe nkhope, lembani kuti analibe nkhope. Musamupatse dzina. Amene kulemba kumawavuta ajambule mawu pafoni, koma asatsegule china chilichonse. Tsiku limene simukukumbuka kanthu lembani deti ndi mawu akuti palibe, kuti chizolowezi chisaduke.

Ambiri amene amati ine sindilota amakhala akudula tulo pamalo olakwika. Gawo loyamba la maloto limakhala lalifupi, mphindi khumi kapena kuchepera. Magawo a mbandakucha ndi amene amatalika, mpaka theka la ola kapena kupitirira. Wogona 12 koloko n'kudzuka 4 koloko wataya gawo lonona. Alamu yaphokoso nayonso imabalalitsa zonse, chifukwa mumadumpha n'kuyamba kuganiza za basi. Ikani kamvekedwe kofatsa, ndipo muitchere mphindi khumi nthawi yodzuka isanakwane kuti mukhale ndi mpata wogona phee n'kukumbukira.

Pansi pa loto lililonse onjezerani mzere umodzi: nthawi imene munagona, nthawi imene munadzuka, munagona chotani, munamwa chiyani, muli pa mankhwala anji, ndi chimene chikukudyani mumtima. Chitani zimenezi masabata awiri kapena atatu, kenako werengani kuyambira poyamba. Mudzaona nokha kuti usiku wa chinthu cholemera uja ukugwera pa tsiku limene munagona maola anayi, kapena la malipiro, kapena pamene sukulu fizi yavuta. Kopelo lilibe chidani ndi munthu. Azakhali angakhale nacho.

Za mankhwala ndanena dala. Efavirenz, amene ali m'ma ARV ena, amadziwika kuti amabweretsa maloto owala ndi oopsa makamaka masabata oyambirira. Mefloquine woteteza malungo nayenso amatero. Kutentha thupi kwa malungo kumene kumalotetsa zoopsa. Ngati maloto asintha mutangoyamba mankhwala, kauzeni adokotala kumene mumalandirira. Musasiye kumwa panokha, ndipo musalole munthu akuuzeni kuti mutaye mankhwala chifukwa akuti ndi ziwanda.

Sindikunena kuti chilichonse cha usiku n'chongonyalanyaza ayi. Ngati mukugwidwa sabata iliyonse, masana n'kumangogona paliponse, mawondo n'kumafooka mukaseka kwambiri, pitani kuchipatala, pali matenda a tulo otchedwa narcolepsy. Ngati mnzanu akuti mumaliza mkonono kwambiri kenako n'kusiya kupuma n'kudzidzimuka mobanika, pitani. Kudzuka mutadziluma lilime, mutakodza pogona, mutu uli wosokonezeka, kungakhale khunyu, ndipo khunyu lili ndi mankhwala. Bambo wachikulire amene wayamba kumenya ndi kuponda mkazi wake ali mtulo akufunika kuonedwa, chifukwa kwa iye kuzimitsa minofu kuja sikukugwira. Ndipo ngati mwadzuka ndithu koma dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi sukugwira, pakamwa papotoka, mawu akutuluka mokoka, imeneyo si nkhani ya maloto. Ndi sitiroko mpaka adokotala atanena zina, thamangani naye nthawi yomweyo. Nthawi imene mukuitaya pofufuza amene walodza ndi imene ubongo ukuwonongeka.

Umphawi ulipo, mikangano ya minda iliponso, ndikudziwa. Koma zimenezo sizipatsa munthu chilolezo choloza chala nkhalamba chifukwa cha zimene waona ali pakati pa tulo ndi kudzuka. Lamulo la za ufiti la 1911 likugwirabe ntchito m'Malawi muno, ndipo kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Tinaona mu 2017 ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo mmene mantha a usiku anaphetsera anthu pa nkhani ya anamapopa. Sitinaphunzirepo kanthu? Inu amene mukulemba kuti asamunyengerere, imvi zikubwera. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mdzukulu wanu adzagonanso chagada.

Ndipo inu omasulira maloto pa Facebook, mulibe manyazi? Munthu walemba kuti walota akudya nyama, inu osafunsa n'komwe ngati anagona ndi njala, mwayankha kale kuti akumudyetsa kutulo, atumize kangachepe pafoni kuti mumumasule. Walota njoka, mdani ali m'banja. Walota madzi, mdani ali m'banja. Mtsikana wagwidwa chagada, mwamuuza kuti ali ndi mwamuna wauzimu, ndipo tsopano akuopa kugona, akuchezera usiku wonse magetsi ali oyaka. Kusagonako ndi kumene kukuchititsa kuti agwidwenso mawa, ndipo akagwidwa akubwereranso kwa inu ndi ndalama ina.