App ikakanika timabwerera ku pepala, ku Iowa komwe zinatero

Mmawa uno ndakwiya abale, mundilole ndilankhule. App ya kuntchito yosainira kuti tafika yapanga update yokha usiku, ndiye tangoganizani 6 koloko mmawa kuno ku South Bend, Indiana, ku America kuzizira kwake kosasewera, zala zauma gwaa, ine ndaima pakhomo pa agogo amene ndimawasamalira ndikusakasaka batani limene dzulo lomweli linali pansi kumanzere, lero alibisa kuseri kwa timizere titatu. Nditalipeza yati ionenso nkhope yanga, ndavula chipewa, yakana, ndavula magalasi, yakana, agogo mkatimo akundiyang'ana pawindo ngati wakuba. Ndaimbira abwana ndipo yankho lake lakhala loti "lembani papepala kaye". Pepala lomwe lija anatiuza chaka chatha kuti ndi lachikale tisaligwirenso kkkk.

Zandikumbutsa Iowa. Amene munali kuno mu 2020 mukukumbuka kuti ife a South Bend tinali ndi wathuwathu pa mpikisano wofuna woimira chipani cha Democrat pa upulezidenti, Pete Buttigieg, amene anakhala meya wa mzinda uno zaka 8, ndiye ngakhale ife osavota tinkatsatira ngati mpira. A Democrat ku Iowa nthawi imeneyo sankaponya voti mu bokosi ayi, ankasonkhana madzulo mu holo ya sukulu kapena ya tchalitchi aliyense nkukaima pakona pa munthu amene akumufuna. Gulu lanu likapanda kukwana anthu 15 pa 100 alionse omwe abwera mumamwazikana nkukalowa magulu ena, uku anzanu akukukokani malaya kuti bwera kuno. Ine nditaziona koyamba pa TV ndinaseka ndekha, ndinati awa ndi mapulaimale akwathu aja oima pamzere kumbuyo kwa shadow MP, kusiyana kwake nkoti kuno kuli hita ndipo palibe amene wabweretsa lole ya anthu ochokera dera lina.

Tsono chinthu chophweka chonchi, kuwerenga mitu ya anthu, anthu ophunzira anati ayi tipange app yotumizira zotsatira. Kampani yake dzina lake Shadow, sindikunama, ngati ma shadow MP athu omwe aja. Usiku wa pa 3 February 2020 app inabalalika, ena anakanika ngakhale kuyiika mufoni, atathamangira kuimba foni ku likulu la chipani mafoni anadzaza anthu kudikira pa laini mpaka kutopa. Dziko lonse maso pa TV, zotsatira njee. Panatenga masiku, ndipo pomaliza Buttigieg anapeza nthumwi za ku konvenshoni 14, Bernie Sanders 12 chonsecho Sanders ndi amene anali ndi anthu ambiri omuvotera, bungwe la nkhani la AP linakana kunena wopambana, wapampando wa chipani ku Iowa Troy Price anatula pansi udindo. Chinawapulumutsa ndi mapepala omwe anthu analembapo pamanja mmaholo muja.

Chimene sindidzaiwala nchoti tsiku lomwelo la 3 February ndi lomwe khoti ku Lilongwe linkafufuta chisankho cha Tippex chija. Ine tsiku lonse khutu kumudzi kumvera chigamulo chachitali ngati ulaliki wa pa Chisanu Choyera, madzulo ndatembenukira ku Iowa nkupeza America ikulephera kuwonkhetsa. Mnzanga wina mzungu wa kuntchito amene ankakonda kundifunsa ngati kwathu timavota, mawa lake sanandiyang'ane kumaso.

Koma app ija sindiyo vuto lalikulu la mapulaimale akuno. Chimandinyansa ine ndi kalendala. Iowa ndi New Hampshire ndi timadera tating'ono, anthu ake pafupifupi onse azungu, koma ndi amene amasefa anthu kuti ife ena tidzasankhe pa zotsala. Kuno ku Indiana amavota mu May pamene nsima yapsa kale ndipo mbale zatsukidwa. Pete uja anasiya pa 1 March, tsiku limodzi chichitikireni South Carolina kumene phungu wakuda wotchuka Jim Clyburn anangoloza chala kwa Biden anthu akuda nkuvota mwaunyinji, mawa lake wopikisana wina Amy Klobuchar naye wasiya, onse awiri nkuima kumbuyo kwa Biden, pofika Super Tuesday pa 3 March, tsiku lomwe madera ambiri amavota limodzi, nkhani inali itapendekeka kale. Anthu a mzinda wake weniweni, omwe amadziwa misewu yomwe anakonza ndi yomwe sanakonze, sanapatsidwe mpata wonena kanthu nthawi ikadalipo. Mwa apo ndi apo Indiana imawerengedwa, monga 2016 pamene Ted Cruz wa Republican anagonja kuno kwa Trump nkusiya usiku womwewo, koma imeneyo inali yongokhomera msomali womaliza.

Mu 2024 a Democrat anayesa kusintha nkuika South Carolina patsogolo, New Hampshire inati ife lamulo lathu limati timayamba ndife basi, inavota mu January dzina la Biden mulibe pa balloti anthu nkumachita kulemba pamanja. Zonsezo zinathera kuti? Pa 21 July Biden wasiya, Kamala Harris watenga malo ake oimira chipani popanda kupikisana ndi aliyense pa pulaimale. Ine mayiyu ndilibe naye chifukwa, koma aliyense amene anaonera mtsutso wa Biden ndi Trump wa mu June uja anaona ndi maso ake zomwe akuluakulu a chipani anakhala akutiuza miyezi yonse kuti sitikuziona. Anali ndi pulani yawo papepala ndipo anaikakamira mpaka madzi afika mkhosi. Ndiye tikamanena za makonvenshoni akwathu oti mtsogoleri amadutsa wopanda wopikisana naye tizinena motsitsa mawu, nawonso amatha.

Nkhani ya kukakamira pulani imeneyi ndi imene imandipweteka ku baseball. Ee ndikudziwa, ena muyamba kale kuti aise wasanduka mzungu, masewero ake ati oima ngati akudikira minibasi. Nanenso ndinkatero, mpaka mwana wanga anandikokera ku Four Winds Field kukaonera South Bend Cubs, matikiti otchipa, hot dog mmanja, iye nkumandifotokozera chimodzichimodzi. Pano ndine amene ndimamudzutsa kuti gemu yayamba. Bullets ndikadali nayo mumtima musadandaule.

Manejala wa baseball ntchito yake yaikulu ndi imodzi, kudziwa nthawi yochotsa woponya mpira. World Series (ndime yomaliza yolimbirana chikho) ya 2020, gemu ya nambala 6, Tampa Bay Rays ikutsogola 1-0 pa Dodgers ndipo ikagonja basi zatha. Woponya wa Rays Blake Snell tsiku limenelo anali ngati wadya zina zake, anthu 9 anawatulutsa osaukhudza mpira bwinobwino, ataponya ka 73 kokha, ndipo akatswiri atatu oyambirira a Dodgers, Mookie Betts, Corey Seager ndi Justin Turner, aliyense anabwera kawiri nkubwerera kawiri wopanda kanthu. Mu inning (chigawo cha gemu) ya 6 Austin Barnes wa Dodgers wangomenya kamodzi kofooka, ndikuona manejala wa Rays Kevin Cash akutuluka akuyenda kupita pakati pa bwalo. Ndinakuwa ndekha pa sitting room kuti bambo inu bwererani. Snell akutsika akutukwana chapansipansi, kamera inamugwira. Analowa Nick Anderson amene magemu angapo otsatizana ankangomenyedwa, Betts yemwe uja anamenya nthawi yomweyo, posakhalitsa 2-1, gemu inatha 3-1 chikho chapita ku Los Angeles.

Chifukwa chake Cash anali nacho, ndipo si chopusa. Manambala amaonetsa kuti womenya akakumana ndi woponya yemweyo kachitatu pa gemu imodzi amakhala atamuzolowera, waona mipira yake yonse, ndiye mwayi umapendekera kwa iye. Rays ndi timu yosauka poyerekeza ndi Dodgers kapena Yankees, inafika pamenepo chifukwa chotsatira manambala otere chaka chonse osatengeka ndi mtima, ndipo Cash chaka chomwecho anapatsidwa mphoto ya manejala wabwino mu American League. Zonsezo ndikuvomera. Koma manambala aja ndi avereji ya oponya mazanamazana pa masiku wamba, sakudziwa kuti munthu uyu usiku uno mkono wake uli bwanji, ndipo sakudziwa kuti amene ukumulowetsayo watopa. Ngati ntchito nkungowerenga zomwe kompyuta yalemba masana ndiye amulipiriranji munthu kukhala pa benchi, angoikapo tabuleti. A Dodgers okha ananena poyera kuti atamuona Snell akutuluka mitima inakhala pansi. Mdani wako akamasangalala ndi chiganizo chako pamenepo dzifunse.

Ndipo musati ndikunyoza a Tampa okha, wathu Joe Maddon, manejala wa Chicago Cubs nthawi imeneyo, anatsala pang'ono kutipha pa World Series ya 2016. Gemu 7, Cubs ikutsogola 5-1, Kyle Hendricks akuponya mwaulemu wake uja, wangolola munthu mmodzi kudutsa osamenya mpira mu inning ya 5 basi wachotsedwa. Woponya wina Aroldis Chapman anali atamugwiritsa ntchito ngati bulu wa pangolo magemu apitawo, ngakhale gemu 6 yomwe tinkatsogola ndi zambiri, ndiye pofika inning ya 8 mkono unalibe moto, Rajai Davis wa Cleveland anaumenya kunja 6-6. Mvula ija ya mphindi 17 ndi imene inatiombola, tinawina 8-7 mu inning ya 10 patatha zaka 108 chikho chisanabwere. Anthu amamutamanda Maddon ndipo chikho ndi chake sindingamulande, koma ine ndimati anyamata anawina ngakhale iye anayesetsa. Za David Ross zomuchotsa pa umanejala wa Cubs mwakachetechete mu 2023 kuti alowetse Craig Counsell pa madola 40 miliyoni zaka 5, ndiye ndisayambe, Ross yemweyo anatimenyera home run (kuumenya kunja) pa gemu 7 ija. Counsell ndi wanzeru inde koma kachitidwe kake kanali kopanda umunthu.

Pa nkhani ya ma app ine ndine wophweka. VLC ndakhala nayo kuyambira pa laputopu yanga yoyamba ku Zomba, kachipewa ka orenji kaja sikanasinthe, umaiponyera vidiyo ya ukwati yochokera kumudzi ya mtundu uliwonse imasewera osafunsa imelo yako. Bajeti ya nyumba, renti, ndalama zotumiza kumudzi, fizi ya ana a achemwali, zonse zili mu spreadsheet imodzi ya LibreOffice yaulere, mizere ndi manambala basi, ana amandiseka kuti pali ma app okongola ojambula ma graph koma amenewo amafuna ndiwalumikize ku akaunti ya kubanki kenako azindidula mwezi ndi mwezi kuti andiuze kuti ndalama zatha, zomwe ndikudziwa kale. WhatsApp ndiye sitikambirana, amayi kumudzi sadziwa ina ndipo voice note yawo ya mphindi 6 yoyamba ndi moni wa mudzi wonse ndi imene imandigonetsa. Mapasiwedi ofunika ali mu kope la hardcover mu drowa, nenani zomwe munganene.

Sindidana ndi zatsopano ayi, mapu a pafoni anandipulumutsa kangati ku Chicago. Chimene ndimadana nacho ndi munthu amene sanaimepo pakhomo 6 koloko mmawa zala zitauma kumasuntha batani langa chifukwa pa miting ina anagwirizana kuti likuoneka bwino kuseri kwa timizere.

Pano ndamva ayamba kale kukangana kuti 2028 ayambe ndani kuvota, Indiana palibe akuitchula monga mwa nthawi zonse. App ija madzulo ano yandilola kusaina potuluka koma ikuonetsa kuti sindinalowe, ndiye malinga ndi iyo ndatuluka mnyumba yomwe sindinalowemo. Pepala lija ndalijambula kawiri, lina ndatumizira abwana lina ndasunga, Lachisanu ndi tsiku la malipiro tikaonana kumeneko.