Ana inu, lekani kugula malaputopu okhoma

Sabata yathayi mphwanga wina wabwera ndi laputopu yogwirapo kale ntchito, mano onse pamtunda, ati wapeza yotchipa. Kuyatsa chonchi, sikirini bii, kachithunzi ka loko ndi kabokosi kofuna pasiwedi basi. Wogulitsa anamuuza kuti akangoifomata itseguka. Lero foni ya wogulitsayo sikupezeka. Ndatopa nazo nkhani zoterezi. Mitu yanu ikugwira koma?

Munthu ungatulutse bwanji ndalama pa chinthu chimene sunachione chikuyaka? Akuti batire yatha, chaja ndaiwala kunyumba, inu n'kuvomera. Akuti fulumirani pali wina akuifuna, inu osadabwa n'komwe?

Loko ameneyu sakhala mu Windows ayi. Ali mu BIOS, ena amati UEFI, kapulogalamu koyatsa makina kamene kamakhala pa kachipu ka pa motherboard, bodi yaikulu ya m'kati mwa laputopu, ndipo amadzuka Windows isanayambe n'komwe. Fomatani mpaka mutope, chotsani hard drive, ikani SSD yatsopano, mudzamupeza ali pompo. Ndiye pali akatswiri a m'mavidiyo aja, ati chotsani kabatire kozungulira kaja ka CR2032, pasiwedi ifufutika. Zimenezo zinkatheka pa makompyuta a padesiki akalekale. Pa ThinkPad, laputopu ya kampani ya Lenovo, pasiwedi yaikulu ya BIOS yotchedwa supervisor password imasungidwa malo osadalira kabatire, ndipo a Lenovo eni ake amanena poyera kuti ikaiwalika, chotsala n'kusintha bodi yonse. Bodi yonse! Nanga kutchipa kuja kwapita kuti?

Kwa okonda MacBook ndiye kuli misozi. Zokhala ndi chipu ya T2, zimene zinayamba kutuluka mu 2018, ndi za M1 za 2020 kupita m'tsogolo, zili ndi Activation Lock yomangirira makinawo ku akaunti ya mwini wake woyamba. Ngati iyeyo sanazimitse Find My, pulogalamu ya Apple yofufuzira makina otayika, mwagula njerwa yonyezimira. A Apple safuna kumva kuti munagula kwa mnzanu wokhulupirika, amafuna risiti yoyambirira. A Dell nawonso sapereka pasiwedi yotsegulira musanaonetse umboni woti chinthucho n'chanu. Umboniwo muli nawo?

Zina zimayaka bwinobwino, mukangolumikiza pa intaneti n'kutulukira dzina la kampani kapena sukulu imene simunaimvepo, ikufuna mulowe ndi akaunti ya kumeneko. Chromebook ya sukulu imatero, laputopu yolembetsedwa mu Windows Autopilot, kaundula amene makampani amalembetsamo makompyuta awo, imateronso. Mwina kampaniyo inagulitsa n'kuiwala kuichotsa m'kaundula, zimachitika. Koma mwinanso ndi yakuba. Apolisi akakupezani nayo mudzati chiyani? Kuti simunadziwe?

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri ndi zimene mumachita mukazindikira kuti mwapusitsidwa. M'malo mobweza katundu, mukutumiza ndalama zina kwa munthu wosamudziwa wa pa intaneti amene walonjeza nambala yotsegulira. Mukukopera timapulogalamu todzaza ndi mavairasi pa kompyuta ya mnzanu, nayonso n'kudwala. Wina wamasula laputopu n'kumagunditsa kawaya pa timiyendo ta chipu, chinthu chimene ngakhale amisiri odziwa amachita mtima uli m'mwamba. Bodi yapsa, ndiye akwiyire ndani?

Yatsani pamaso pa wogulitsa. Kuti mulowe mu BIOS, ikamayaka dinani F1 ngati ndi ThinkPad, F2 pa Dell, F10 pa HP. Musangoona kuti BIOS yatseguka, sinthani kena kake monga boot order (ndondomeko ya kumene makina amayambira kuyaka) n'kusunga, chifukwa zina zimakulolani kuona koma osasintha kanthu. MacBook, mwini wake atulukemo mu akaunti yake inu mukuona. Ilumikizeni pa intaneti musanalipire. Akakana chimodzi mwa zimenezi, bwezani ndalama m'thumba muzipita. Ngati munagula kale, ibwezeni, apo ayi funafunani mwini wake woyamba kuti aitsegule yekha.

Ndinu anthu akuluakulu, mukufuna tizikugwirani dzanja mpaka liti? Siyani uchitsiru umenewu.